Fungo Limene Tinanamizira Amalume

Ku Mtendere, komboni ya ku Lusaka, mpaka lero alipo abale anga amene akandiona amayang'ana kumbali. Amati ndine mwana wopanda mwambo, ndinatsitsa maliro pamsewu. Sindikana, ndinatsitsadi. Koma poti aliyense amaiyambira pakati nkhaniyi, lekani ndiikambe ndekha, ngakhale sukulu ndinalekera giredi seveni.

Amalume anga a Jailosi, alongo awo a amayi, anali sikauti wa m'mudzi, aja timati agemu, kumapiri a kuseri kwa Mpanshya kumene makolo athu anadzalima atachoka ku Petauke. Ntchito yawo inali kuyenda m'mapiri kuchotsa misampha ya waya ndi kukangana ndi otentha makala. Anthu sankawakonda. Munthu amene nguluwe zamudyera chimanga sungamuuze za ubwino wa nyama n'kukusekerera. Ine nditasiya sukulu ndinkayenda nawo. Anandionetsa mphalapala zimene zinatsala m'chigwa china, kagulu koti zala za m'manja zikwanira kuwerenga, pamene kale, ati, zinkafika mpaka kumadimba. Tikapeza msasa wa opha nyama, nyama yowamba tinkaitentha pomwepo.

Anamwalira ndi malungo chaka chija tinkadya chimanga chachikasu, mwezi wa Okutobala. Anatisiya madzulo ku chipatala cha mishoni. Akulu awo, a Bonifasi, amene ankakhala ku Lusaka, anali atabwera kudzadwazika, ndipo anagamula okha kuti mng'ono wawo akaikidwa ku tauni kumene kunagona bambo awo. Amake Tisa, mkazi wa malemu, sanafunsidwe n'komwe.

Kwathu motoka ya maliro inkavuta kuposa bokosi. Ndiye mmene tinaona kutacha lole yobiriwira itaima pa mishoni, aliyense anati Mulungu wayankha. Mwini wake anali ba Shadi, bambo wa chimimba amene ankabwera kudzasinthitsa salaula, zovala zija zovalidwapo kale, ndi chimanga.

"Ine ndalama za maliro sinidya," anatero akugwira pachifuwa. "Mufake chabe mafuta pang'ono. Na nkhuni nakunyamulirani, ku tauni nkhuni ni zogula."

Zoonadi, theka la lole linali ndi mulu wa nkhuni, pansi pake pali tenti yakale. Azimayi anamudalitsa. Ngakhale ine ndinamugwira dzanja ndi manja anga awiri, ndipo ndikakumbukira ndimafuna kukasamba.

Bokosi tinalitsamiza ku nkhunizo. Amake Tisa anakhala kumutu. Azimayi a mpingo, ndi maduku awo oyera, anazungulira, motsogozedwa ndi amake Vero a kwaya. Panalinso anti Beti, mkazi wa a Bonifasi, mayi wa m'tauni wosazolowera fumbi. A Bonifasi anakakhala kutsogolo ndi ba Shadi ndi dalaivala. Mwamuna kumbuyo ndinali ndekha.

Kuchokera pa mishoni kukafika pa tala, msewu unali wa miyala ndi makwawa. Bokosi linkaseseleka, ine n'kumalitchinga ndi maondo mpaka anasupuka. M'mapiri monse munali utsi wa mauvuni a makala, ndi minda yatsopano pamalo otsetsereka poti ngakhale mbuzi imaganiza kawiri. Sindinayang'ane kwambiri. Ndinkawadziwa kale malowo.

Fungo linayamba titakwera tala, dzuwa litakwera. Lole ija pamtunda inkakwawa ngati kamba, mphepo n'kutha, ndipo chinthucho chinkatikuta tonse. Poyamba ndinati mwina pali galu wakufa m'mbali mwa msewu. Koma galu sayenda nawe mtunda wonse.

Manje apa mumvetse. Kwathu fungo la maliro sulitchula. Sugwira mphuno, sulavula, ntchentche suithamangitsa moonetsera. Ukatero watukwana wakufa pamodzi ndi banja lake. Choncho tonse tinakhala ngati palibe kanthu, maso ali pansi, tikupumira pakamwa. Nyimbo inayamba kufooka, chifukwa woimba amafunika mpweya. Amake Tisa anakoka chitenje n'kudzifunda mpaka kumaso, mapewa awo akugwedezeka. Uku sikunali kulira kwa chisoni kokha. Kunali kulira kwa manyazi.

Kenaka ndinamva amake Vero akunong'oneza mnzawo, poganiza kuti injini ikuwabisa.

"Munthu wa dzulo chabe, n'kutero?"

"Kaya, mwina n'kutenthaku."

"Kutentha chiyani? Aja oyenda m'thengo amamwa zinthu kuti chipolopolo chisawalowe. Zikamatuluka ndi mmenemu. Ndipo ankalandira ukalistiya Sabata lililonse!"

Magazi anandithamangira kumutu. Amalume chimene ankanyamula m'thengo chinali korona yopempherera ndi botolo la madzi. Ndinafuna kuwanyamula mayi aja n'kuwaponya pa tala. Koma ndikanati chiyani? Mphuno yanga yomwe inkavomereza. Ndinayang'ana bokosi lija, n'kunena mumtima kuti, amalume, mwatichita chiyani?

Pa Rufunsa ba Shadi anati dalaivala ayambe wadya. Anaimika lole pafupi ndi msika, padzuwa, iwo n'kulowera kuseri kwa magolosale ndi amuna ena. Tinadikira. Mtsikana wa nthochi anabwera akuthamanga, atafika pafupi anabwerera chammbuyo dzanja lili pamphuno. Wa mazira owiritsa chimodzimodzi. Anthu pamsika anayamba kuloza. Kenaka kunabwera galu, n'kubweranso wina, n'kumazungulira lole, mmodzi mpaka kuimirira ndi miyendo iwiri kununkhiza ku matabwa. Agalu kutsata bokosi la amalume anga! Ndinadumpha, ndinatola mwala, ndinamulasa wina m'nthiti mpaka analira msika wonse. Mwini galu anabwera akutukwana, ine n'kumuyankha zoposa, mpaka a Bonifasi anandikoka malaya.

"Lazalo, uli pa maliro. Mutu wakowo usiye kumudzi."

Anti Beti apo n'kuti atatsika ndi kachikwama kawo.

"Ine nitsogoleko na minibasi," anatero osayang'ana munthu. "Nikakonze ku nyumba."

Tonse tinadziwa chimene akuthawa. Ndinadziwanso chimene akakonze: mmene ife tizikafika, Mtendere yonse idzakhala itamva kuti a Jailosi aola tsiku limodzi.

Titanyamuka ndinaona kanthu kena. Ba Shadi ulendo wonse sanalabadire nyimbo, koma titayandikira pamene apolisi anatchinga msewu ndi migolo, anatulutsa dzanja n'kumenya chitseko cha lole.

"Bamayo, nyimbo! Imbani maningi!"

Azimayi anakweza mawu. Wapolisi anavula chipewa, mnzake anagubuduza mgolo, tinadutsa osaima. Ndi mwambo wake, motoka ya maliro saiimitsa, saiisecha. Titangodutsa, ba Shadi anakweza wailesi yawo kutsogoloko. Ndinangoti munthu uyu chikhristu chake chimadzuka akaona migolo, koma sindinaganize patali.

Pa Chinyunyu, paja pali kasupe wa madzi otentha, tayala la kumbuyo linaphulika. Lole inapendekeka, azimayi anakuwa, bokosi linandiponda phazi. Titaima, ba Shadi anatsika thukuta lili chuchuchu.

"Bonse selukani. Yendani ku mthunzi uko, kapena mukaone manzi yakupya. Ise tizagwira nchito."

Azimayi anatsika mosangalala mobisa, n'kuwatenga amake Tisa kukawamwetsa madzi pansi pa mtengo. Tayala lapadera linali pansi pa nkhuni. Ine, poti ndine mwamuna, ndinayamba kuchotsa nkhunizo.

"Iwe, siya! Nakamba seluka!"

"Ndikuthandizeni, ba Shadi, tichedwa."

"Nakuuza siya!"

Munthu akandikalipira ndi pamene manja anga amafulumira. Ndinakoka tenti ija. Ntchentche zinabuka ngati njuchi. Pansi pake panali masaka, ambiri, onyowa m'munsi, ndipo pa matabwa a lole mphutsi zinali yakaliyakali, zina zitafika kale pansi pa bokosi. Apo mphuno yanga inakumbuka zimene inayenera kukumbuka kalekale. Linali fungo la m'misasa ija, la nyama yowambidwa mothamanga, kunja yapsa mkati ikadali yaiwisi. Ndinang'amba saka limodzi. Munatuluka mwendo wa ubweya wakuda bii, chiboda chili pompo, pamwamba pake pali mzere wakuya pamene waya anadya mpaka pafupa. Mphalapala. Nyama ina inali ya ngoma, ina ya nguluwe, zonse zobiriwira m'mbali.

Ndinasanza pambali pa lole. Ndikudzuka, a Bonifasi anali atakwera, akubwezera tenti ndi manja awo omwe.

"Tseka pakamwa," anatero pansipansi.

"Amalume, mumadziwa?"

"Uganiza maliro ya m'tauni anthu adya chani? Abwera mazanamazana, onse na njala. Saka imodzi ni yathu. Na lole ya mahala, yaulere. Iwe unali kuzaipeza kuti lole?"

"Mng'ono wanu anathera mapazi m'mapiri chifukwa cha nyama zimenezi!"

"Mng'ono wanga wafa. Nyama zakezo zamugulira bokosi? Zabwera kudzalira?"

"Azimayi akuti amalume aola. Akuti anali ndi zizimba. Amake Tisa akufa ndi manyazi apo."

"Azimayi akamba, mawa aiwala."

Ndinatembenuka kuti ndikawauze amake Tisa, koma anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Ukambe, Shadi atisiya pano. Pano! Na bokosi, pa dzuwa ili. Ndiye uone ngati sazaola zoona. Uzamunyamula pamutu kufika ku Lusaka?"

Apo mawu awo anandimanga manja. Ndinayang'ana msewu, ndinayang'ana bokosi, ndinapita kukathandiza pa tayala. Tayala linatenga nthawi chifukwa jeke inkamira m'dothi, mpaka tinachita kupempha thabwa kwa mayi wogulitsa tomato. Nthawi yonseyo ndinagwira ntchito limodzi ndi ba Shadi, phewa ndi phewa, ndikumanga mabawuti a lole yawo. Atandiona chete anandimenya pamsana n'kuti, "Ndiwe mwamuna, mwaiche." Sipanala inali m'manja mwanga. Mpaka lero sindidziwa chimene chinaletsa dzanja langa.

Tinakweranso. Amake Tisa anabwerera pamalo pawo, msana wawo utatsamira nkhuni zomwezo. Azimayi tsopano anakhala motalikira bokosi, aliyense akukankhira ku mapeto a lole, ndipo mayi wamasiye anatsala yekha ndi mwamuna wake. Anatambasula dzanja n'kumasisita chivundikiro ngati akumupepesa, kapena kumupepesera kwa ife.

Tisanafike pa Chongwe panali migolo ina, ndipo apa pamodzi ndi apolisi panali agemu a yunifomu. Ba Shadi anamenya chitseko mwamphamvu kuposa kale.

"Nyimbo, bamayo! Nyimbo!"

Anaimba. Wagemu wina, wamtali, wa imvi m'mbali, anayandikira pa windo.

"Pepani. Ni maliro ya bandani?"

Ndinamva mawu a a Bonifasi, aulemu, achisoni: "Ni munzanu, bwana. Sikauti wa ku Mpanshya, Jailosi. Nipeleka mng'ono wanga."

"Jailosi? Wamwalira Jailosi?"

Bambo uja anabwera kumbuyo kwa lole. Anavula chipewa, anagunditsa nsapato, anaima njo. Kenaka fungo linamupeza. Ndinaona nkhope yake ikulimbana nalo, mphuno ikufuna kukwinyika iye akuiletsa, chifukwa nayenso ankadziwa mwambo. Anabwerera phazi limodzi mwakachetechete, n'kukweza dzanja kuti achotse mgolo. Amake Vero, akuimba choncho, anamuyang'ana mnzawo uja ndi diso lakuti, waona, ngakhale anzake amva.

Za kuganiza ndinasiyira pomwepo. Ndinaimirira, ndinakankha nkhuni, ndinakoka saka lija ndinang'amba kale, ndinalikweza pa mpanda wa lole n'kuligwetsera pa tala patsogolo pa nsapato za wagemu. Linaphulika. Nyama, mphutsi, chiboda chija kugubuduzika mpaka pa mgolo.

"Amalume anga sanaole!" ndinakuwa. "Chanunkha ndi ichi! Achiika pansi pa nkhuni, amalume awaika pamwamba ngati chivundikiro!"

Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Zotsatira zinachitika mofulumira. Lole anaiimika pambali, makiyi analanda, ba Shadi ndi dalaivala anawakhazika pansi nsapato atavula. Masaka anawatsitsa onse n'kuwayala m'mbali mwa msewu. A Bonifasi atafunsidwa anatambasula manja: "Ine nine wamaliro chabe, bwana, napempha chabe lifti." Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona amake Tisa akundiyang'ana, ndipo ndinaganiza kuti akamangidwa mkuluyu, ku Lusaka atilandira ndani. Ndinatseka. Malipiro ake, atangotembenuka apolisi, a Bonifasi anandiwomba mbama yoti khutu linalira mpaka madzulo. Ndinakunga chibakera. Wagemu wa imvi uja anandigwira kumbuyo n'kundinong'oneza kuti, "Osati pamaso pa Jailosi."

Bokosi tinalitsitsa ine ndi agemu, n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, pa zipika ziwiri, kutali ndi masaka. Kamphepo kanawomba. Pang'onopang'ono azimayi anayamba kupuma ndi mphuno, mmodzimmodzi, mobisa. Panalibe kanthu. Utomoni wa matabwa atsopano basi. Amake Tisa anagwada, anagunditsa chipumi pa chivundikiro, anakhala choncho nthawi yaitali, kenaka analira mokweza kwa nthawi yoyamba chichokereni ku mishoni.

"Ine sindinanene kanthu," anatero amake Vero, popanda wowafunsa.

Kenaka kudikira. Ndiye apa mawu a a Bonifasi anayamba kundiluma, chifukwa dzuwa silinasinthe. Agemu analibe motoka. Minibasi ikaima, kondakitala akangoona bokosi ankamenya chitseko n'kuthawa. Basi yaikulu yochokera ku Chipata sinachepetse n'komwe liwiro. Wa vaneti wina anatchula mtengo woti ngakhale titagulitsa maduku onse sukanakwana. Mthunzi unkasuntha, ife n'kumasuntha bokosi kuutsata. A Bonifasi ankayenda uku ndi uku akuuza aliyense woima kuti, "Onani zamene achita bana ba masiku ano." Azimayi ena, njala itawagwira, anayamba kuvomereza. Wina anati bola tikanangopirira fungo, bwenzi pano tili ku Lusaka. Ine ndinakhala pa mwala ndikuyang'ana bokosi, ndikupempha kuti amalume apirireko pang'ono, asandichititse manyazi tsopano.

Dzuwa litapendeka, agemu anaimitsa lole ya makala n'kumuchonderera dalaivala. Anayang'ana bokosi, analiyeza ndi maso.

"Ili litenga malo ya masaka yanayi ya malasha. Mulipire ya masaka yanayi. Bantu ni padera."

Amalume anga, mtengo wa masaka anayi. Azimayi anamasula mfundo za zitenje, wagemu wa imvi anawonjezera za m'thumba mwake. A Bonifasi anati zawo zinathera mafuta a ba Shadi. Tinalikweza pamwamba penipeni pa makala n'kulimanga ndi zingwe za mphira. Ndinamufunsa dalaivala kumene wanyamula katunduyo. Anati kumapiri a ku Mpanshya, kumene mitengo ikadali yonenepa. Mphamvu zokwiya zinali zitatha. M'mawa amalume anakwera pa nyama zawo, madzulo pa mitengo yawo, ndipo mu Lusaka tinalowa maduku oyera aja atada ngati mapoto.

Thupi tinalisiya ku mochale, ife n'kupita ku Mtendere. Tisanalowe pa geti, a Bonifasi anatiimitsa tonse.

"Lole inafa panjira. Ndiye nkhani. Wamene azakamba vina azaziwa ine. Ndipo iwe," anandiloza, "bokosi ya mng'ono wanga usaigwirenso."

M'mawa mwake ndinaona kuti anti Beti anakonzadi. Anthu ankanong'onezana m'magulu. Wapampando wa maliro analengeza kuti, malinga ndi mmene thupi lilili, sipakhala kuona nkhope. A Bonifasi anagwedeza mutu movomereza. Kwa iwo bola mng'ono wawo akhale woola kusiyana n'kuti anthu afunse za lole. Ndiwo zinali kabichi, ndipo amuna ena pa tenti ankafunsana kuti nanga nyama ya m'thengo ija inalonjezedwa yatsalira kuti.

Ndili kuseri kwa nyumba, mayi wina anadzandiitana kuti amake Tisa akundifuna m'kati. M'chipinda cha azimayi pa maliro mwamuna salowamo, koma ndinavula nsapato n'kugwada pakhomo. Munali modzaza, anthu atakhala pansi mwendo pa mwendo. Amake Tisa, amene chiyambire sanafunsidwe kanthu ndi munthu, anachotsa chitenje kumaso.

"Lazalo, mwanangu, auze amayi awa chimene chinanunkha mu lole. Ukweze mawu, ena ali panja."

Ndinakweza. Mawu ndili nawo. Ndinakamba za nkhuni, za tenti, za mphutsi, za mwendo wa mphalapala ndi waya wake, za nyimbo za pa migolo. Ndinakambanso za saka limodzi limene linali lathu, ndi amene analipangana. A Bonifasi anali ataima kumbuyo kwanga, ndinkamva mpweya wawo, koma m'chipinda cha azimayi sakanalowa kudzanditseka pakamwa.

"Amake Vero," anatero amake Tisa, "munalipo. Wanama mwanayu?"

"Sananame."

"Pansi pa mango paja munamva fungo?"

"Iyayi. Matabwa okha."

"Ndiye alamu," anatero akuyang'ana kupyola mutu wanga, "bokosi mulitsegule ku tchalitchi. Aliyense amene wamva kuti mwamuna wanga anaola abwere adzamuone. Mukakana, ine kumanda sindipita, mukamuike nokha."

Analitsegula. Anthu anadutsa pamzere, ambiri kuposa amene akanadutsa pakanapanda mphekesera, ena akuchita kuwerama kuti atsimikize. Amalume anagona mu yunifomu yawo, nkhope ili bwinobwino ngati angotopa ndi mapiri. Ine ndinaonera patali, pafupi ndi chitseko, poti ndinali woletsedwa. Sizinandipweteke. Nkhope yawo ndinkaidziwa.

Pobwerera kumanda, bambo wina wa suti, amene anali atangolankhula kumene pa manda kuti malemu anali mlonda wa chilengedwe cha Mulungu, anandipeza n'kundigwira phewa.

"Ndiwe mphwake wa malemu, wa ku Mpanshya? Wachita bwino, mwana, wachita bwino maningi." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Manje niuze. Kwanu kuja mphalapala zikalipo? Saka ni zingati?"